Mmene miyala ya mu impso imachotsedwera popanda kung'amba

Ululu wa mwala wa mu impso umayambira m'nthiti chakumsana, mbali imodzi, n'kumatsikira kuchinena, ndipo wodwala amasowa pogwira chifukwa kukhala pansi, kuima ngakhale kugona, zonse sizimuthandiza. Anthu ambiri kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amazengereza kupita kuchipatala poopa kung'ambidwa, chonsecho masiku ano miyala yambiri imachoka popanda opaleshoni yotsegula thupi. Chimene chimasankha njira yake ndi kukula kwa mwalawo komanso malo amene waima.

Choncho ntchito yoyamba ndi kuyezetsa mkodzo ndi kujambulitsa. Musathamangire kunena kuti ndi mwala chifukwa choona magazi mumkodzo, pakuti likodzo nalo limatero, ndipo mankhwala ake ndi ena. Sikani imaonetsa mwala ndiponso ngati impso yatupa chifukwa chotsekeka mkodzo, koma sikani ya CT, yojambula m'kati mwa thupi ndi X-ray ndi kompyuta, ndiyo imayeza bwino kwambiri. Funsani dokotala kuti mwalawo ndi wa mamilimita angati, ndipo nambalayo ilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala.

Mwala wosapitirira mamilimita 5, womwe sufika n'komwe pa njere ya chimanga, nthawi zambiri umatuluka wokha pasanathe milungu 4 mpaka 6. Pa nthawiyi imwani madzi okwana malita 2 ndi theka kapena 3 pa tsiku, pang'onopang'ono kuyambira m'mawa, mpaka mkodzo uzioneka woyera. Ululu amauletsa ndi mankhwala ngati diclofenac kapena ibuprofen, koma amene ali ndi zilonda za m'mimba, impso zofooka kapena pathupi asamwe mankhwalawa popanda kuuzidwa ndi dokotala. Mwala wokulirapo umene watsikira kumunsi kwa njira yochokera ku impso kupita m'chikhodzodzo, dokotala angauthandize ndi tamsulosin, amene amamasula njirayo. Pokodza gwiritsani ntchito kasefa ka tiyi kapena kansalu koyera. Kamwalako kakagwera pamenepo, kofiirira ngati mchenga wa mumtsinje wa Ruo, kasungeni m'kabotolo mukaonetse kuchipatala, popeza mtundu wake ndiwo umauza dokotala zoyenera kupewa.

Kudikira kuli ndi malire ake. Thupi likatentha n'kumanjenjemera, mukamasanza mosalekeza kapena mkodzo ukasiya kutuluka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale kukhale usiku, chifukwa impso yotsekeka imene mwalowanso tizilombo ingathe kupha munthu m'masiku ochepa. Musaganize kuti ndi malungo n'kungogula mapiritsi pagolosale.

Mwala ukakana kutuluka, chipatala cha boma ku Mulanje kapena ku Thyolo chimatumiza wodwala kwa akatswiri a njira ya mkodzo, monga ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo njira zodziwika zochotsera mwala popanda kung'amba zilipo zitatu. Yoyamba, imene inayambira ku Munich m'dziko la Germany mu 1980, ndi yophwanya mwala ndi mafunde amphamvu ochokera m'makina amene amagunditsidwa pakhungu. Imayenera miyala yosapitirira masentimita 2, zidutswa zake zimatuluka ndi mkodzo, ndipo nthawi zina imafunika kubwereza. Amayi oyembekezera sachitidwa njirayi. Yachiwiri ndi yolowetsa kachubu kopyapyala kokhala ndi kamera kudzera kokodzera, wodwala atagonetsedwa, kenako n'kuswa mwalawo ndi kuwala kwamphamvu kotchedwa laser. Akamaliza amakonda kusiya kapaipi kofewa pakati pa impso ndi chikhodzodzo, ndipo tsiku lokachotsetsa kapaipiko lisaiwalike, chifukwa kakakhalitsa kamamera miyala ina. Yachitatu ndi ya miyala yoposa masentimita 2: amaboola kabowo ka pafupifupi sentimita imodzi kumsana, n'kutulutsira mwalawo pamenepo zidutswazidutswa.

Miyala imene imasungunuka ndi mankhwala akumwa ndi ya uric acid, asidi amene thupi limapanga, ndipo madokotala amagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa potassium citrate. Yambiri ndi ya calcium oxalate, kutanthauza calcium wogwirana ndi oxalate wopezeka m'zakudya zina, ndipo sisungunuka, kotero ogulitsa zitsamba m'misika akamalonjeza kusungunula mwala uliwonse, akungokuchedwetsani pamene impso ikuwonongeka.

Mwala umakonda kubwerera, makamaka kwa anthu otuluka thukuta kwambiri monga othyola tiyi m'maesiteti, amene amaweramira mitengo ya tiyi dengu lili kumsana kuyambira m'mamawa. Nyamulani chigubu cha madzi kumunda, chepetsani mchere m'ndiwo, ndipo muzifinyira ndimu m'madzi akumwa. Tiyi wakuda, bonongwe ndi mtedza zili ndi oxalate wambiri. Sindikunena kuti muzisiye, koma amene anadwalapo achepetse, ndipo tiyiyo azithira mkaka, chifukwa calcium wa mumkaka amagwira oxalate m'matumbo asanafike ku impso.