Mwangoyamba ntchito younika maganizo a anthu a milandu? Konzani kaye Facebook yanu

Tsiku loyamba lomwe mudzaime kukhothi ngati mboni, loya wa mbali inayo adzakhala atakusakani kale pa intaneti. Sikuti ndikukuwopsezani ayi, ndi ntchito yake basi. Inu mwalemba lipoti loti wozengedwa mlanduyu mutu wake unkagwira bwinobwino pomwe amapalamula, loyayo akufuna jaji aone kuti ndinu wokondera, nde ngati zaka zitatu zapitazo munakomentapo kuti "anthu ngati amenewa angowaphera konko" pansi pa nkhani ya munthu wogwiririra, adzakuwerengerani mokweza aliyense akumva, ndipo lipoti munalisala nalo tulo lija lidzathera pompo.

Nde yambani ndi kudzisaka nokha. Bwerekani foni ya munthu yemwe simuli naye pa Facebook, lembani dzina lanu pa Google, kenako nambala yanu, kenako imelo. Zikutulukazo ndi zomwe wodwala yemwe mukumuunika, achibale ake ndi loya uja akuona. Mu ma settings a Facebook muli Limit Past Posts, mukadina pamenepo zakale zonse zomwe zinali pambalambanda zimatsala za anzanu okha. Koma apa mpomwe ambiri amapusa: makomenti omwe munasiya pa mapeji a anthu ena sabisika nawo, amenewo muwatsate nokha mu Activity Log, momwe Facebook imasunga mndandanda wa zomwe mwachita, ndikuwafufuta. Zimatopetsa, chitani basi. Dzina lanu, chithunzi cha profile ndi cha cover zimaoneka kwa aliyense olo mutseke bwanji, choncho ana anu asakhale pamenepo.

Nambala ya foni ndiye ndimafuna muimvetse kwambiri. Ngati nkotheka khalani ndi nambala ya ntchito payokha, isalumikizidwe ku akaunti yanu iliyonse. Ma app ambiri amapempha kuti awerenge manambala onse a mufoni mwanu kuti akupezereni "anzanu", kanani. Mu 2016 kunamveka nkhani ya dokotala wina wa matenda a maganizo ku America yemwe odwala ake anayamba kuonana pa People You May Know, pomwe Facebook imakuonetsani anthu omwe ikuganiza kuti mungawadziwe, koma anali anthu osadziwana, chowalumikiza chinali dokotalayo basi. Tangoganizani zimenezo zikuchitika pakati pa munthu wotuluka kundende ndi mchemwali wanu. Pa WhatsApp chithunzi, status ndi last seen ziikeni kuti aziona omwe mwawasankha, ndipo tsekani zoti aliyense azikulowetsani mu gulupu mmene wafunira. Yatsaninso two-step verification paliponse, chitetezo chomwe chimafunsa nambala yachinsinsi yoonjezera munthu asanalowe mu akaunti yanu.

Ndinene poyera kuti anthu ambiri odwala maganizo sachita zachiwawa, ndipo musalowe ntchitoyi ndi mtima woopa aliyense. Komabe lipoti lanu limatha kupangitsa munthu kukhala zaka zambiri mchipatala chotsekedwa, kapena kulandidwa ana, ndipo wokwiyayo nthawi zina si wodwalayo, ndi mchimwene wake kapena banja la wolakwiridwa. Chifukwa chake musamaposte komwe muli nthawi yomwe muli komweko, dikirani mubwerere kaye. Musanatumize chithunzi yang'anani kumbuyo kwanu: geti la nyumba, nambala ya galimoto, baji ya sukulu pa yunifolomu ya mwana, ID ya kuntchito ili pakhosi. Othamanga mmawa, Strava, app yojambula njira yomwe mwathamanga, imatha kuonetsa anthu dera lomwe mumakhala ngati simunaitseke. Ndipo chithunzi chotumizidwa ngati document chimatha kupita ndi GPS ya pomwe chinajambulidwa.

Friend request yochokera kwa wodwala, kaya wakale kaya watsopano, kaya mkazi wake, musailandire. Koma osangoisiya phee, mukakumana muuzeni mwaulemu kuti ili ndi lamulo lomwe mumatsata kwa aliyense osati iye yekha, lembani mufayilo mwake, supavaiza wanu adziwe. Inunso musamafufuze odwala usiku muli pabedi chifukwa cha chidwi chabe. Ngati zomwe munthu analemba pa intaneti zikufunikadi pomuunika, kambiranani ndi supavaiza, tsatani malamulo a kuntchito kwanu ndipo mulipoti munene komwe mwazitenga.

Za kuntchito musaposte, olo osatchula dzina. "Lero ndaona bambo wina anapha mkazi wake ati amamva mawu" mwati mwabisa eti? Nkhaniyo inatuluka munyuzi, anthu akudziwa komwe mumagwira ntchito, kuphatikiza ziwirizo sikuvuta. Magulupu a anzanu a kukoleji nawonso si chipinda chotseka, skirinishoti imodzi yokwana. Chimodzimodzi mlandu ukatchuka anzanu nkumakutagani kuti akatswiri tatiuzani munthuyu ndi wamisala kapena ayi. Bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, la American Psychiatric Association, linaika lamulo mu 1973, lotchedwa Goldwater Rule, loletsa mamembala ake kupereka maganizo aukatswiri pa munthu wotchuka yemwe sanamuunike, linabwera magazini ina itafunsa madokotala mu 1964 ngati Barry Goldwater, yemwe ankapikisana nawo pa chisankho cha pulezidenti wa America, mutu wake unali woyenera upulezidenti. Olo lamulolo lisakukhudzeni komwe muli, ine ndimati litsateni, kuyankha kuti "sindinamuone munthuyu, sindinganene kanthu" sikukuchotserani ulemu.

Wina akakutumizirani uthenga woopseza musayankhe ndipo musafufute. Jambulani skirinishoti yoonetsa dzina la akaunti, tsiku ndi nthawi, kauzeni abwana anu tsiku lomwelo, ngati nkoyenera apolisi, kenako ndiye mumubloke.

Chovuta kwambiri ndi abale. Inu mwatseka zonse, amayi anu aposta chithunzi cha tsiku lanu lobadwa, akutagani, atchulanso komwe mumagwira ntchito chifukwa chokunyadirani. Yatsani zoti tag iliyonse muziivomereza kaye, komabe dziwani kuti chithunzicho chikhalabe pa akaunti yawo, nde khalani nawo pansi muwafotokozere mtundu wa ntchito yanu. Ma settings amasinthasintha, pakatha miyezi ingapo bwerekaninso foni ija mudzisake kachikena.