Momwe Mungatengere Ana Kukaona Zojambula Zakale ku Chongoni

Ana ambiri a ku Dedza amakula akuyang'ana mapiri a Chongoni osadziwa kuti m'mapanga ndi m'matanthwe a kumeneko muli malo 127 okhala ndi zojambula zakale, omwe bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Ndapitako kawiri ndi ana a Sitandade 4.

Ulendo usanafike, tumani mwana aliyense kuti akafunse agogo ake zomwe anamva za Akafula, anthu aafupi aja omwe akuti ankafunsa kuti "mwandionera pati?" Mwana amene wamva nkhaniyi kunyumba amamvetsa msanga mukamuuza kuti zojambula zofiira ndi za Akafula, omwe ankakhalira kusaka nyama ndi kutola zipatso, pomwe zoyera ndi za Achewa ndipo zimakhudza nyau ndi chinamwali. Kaonaneninso ndi amfumu kuti akuuzeni zoyenera kukamba pamaso pa ana, popeza zina ndi za kudambwe ndi kutsimba.

Pomwe ndinalakwitsa ndi posankha woperekeza. Paulendo woyamba ndinalola mnyamata wina amene anatiimitsa panjira n'kutchula mtengo wotsika kwambiri. Titafika paphanga, anatsegula botolo lake la madzi akumwa n'kuwaza pathanthwe kuti mizere yofiira ioneke bwino, ndipo ana anaombera m'manja pamene ine ndinangoti kukamwa yasa. Ndisanamalize kumudzudzula, mwana wina anali atatola kale khala kuti alembe dzina lake pambali pa chojambulacho, poganiza kuti mwalawo ndi wololedwa kuugwira. Madzi amafufutitsa utoto pang'onopang'ono, ndipo chimene chafufutika sichibwezeretsedwa. Choncho funsani woperekeza wovomerezeka kudzera ku nthambi ya boma yoyang'anira malo a mbiri yakale, ndipo muuzeni mwana aliyense musanakwere phiri kuti manja ake akhale kumbuyo.

Malo omwe alendo amapitako kawirikawiri ndi Mphunzi, Namzeze ndi Chentcherere. Pitani m'chilimwe, misewu yafumbi isanayambe kuterera, ndipo mwini minibasi mumupatse theka la ndalama, zotsalazo mukabwerera, chifukwa ena akalandira zonse amapita kukanyamula maulendo ena n'kukusiyani kuphiri.

Tengani mapepala ndi mapensulo kuti ana akajambule zomwe aona. Mukabwerera, matani zojambulazo pakhoma la kalasi, ndipo itanani agogo aja adzazione.