Momwe mungaunikire masheya a kampani yofufuza mafuta pamene mtengo wake ukukwera

Mtengo wa masheya a kampani yofufuza mafuta ukayamba kukwera, anthu wamba omwe amaika ndalama zawo pa msika wa masheya amatengeka mtima, ndipo ambiri amagula mwaphuma poopa kutsalira. Komatu makampani ochuluka a mtunduwu amakhala asanagulitsepo ngakhale mgolo umodzi wa mafuta, kotero kuti chomwe chimakweza mtengo ndi chiyembekezo cha ogula. Chiyembekezocho chikhoza kukhala ndi maziko kapena ayi, ndipo pali njira yofufuzira musanatulutse ndalama zanu.

Yambani ndi kupeza chomwe chakweza mtengowo. Kampani iliyonse yolembedwa pa msika, monga wa AIM ku London komwe kuli makampani ang'onoang'ono ambiri ofufuza mafuta, imakakamizidwa ndi malamulo kulengeza poyera nkhani iliyonse yomwe ingakhudze mtengo wa masheya ake. Werengani chilengezocho inu eni, mawu ndi mawu, ndipo muonetsetse ngati kampaniyo yangolandira chilolezo chofufuzira mafuta, yangomaliza kujambula miyala ya pansi pa nthaka, kapena yakumba chitsime n'kuyesa mafuta akutuluka. Ngakhale mawu oti "tapeza mafuta" amafunika kuwadekhera. Kumayambiriro kwa December 2010, kampani ya Desire Petroleum inalengeza kuti yapeza mafuta pa chitsime cha Rachel North, m'nyanja ya kumpoto kwa zilumba za Falkland, ndipo masheya ake anakwera. Patangopita masiku ochepa, kampaniyo inabwereranso n'kunena kuti zoyesa zina zasonyeza kuti m'chitsimemo munali madzi ambiri, ndipo mtengo unagwa pafupifupi ndi theka. Omwe anagula pa tsiku la chisangalalo ndi omwe anapwetekeka kwambiri.

Mukatero, khalani pansi ndi ziwerengero za migolo, pakuti pano m'pomwe anthu ambiri amasokonekera. Mgolo umodzi ndi malita 159, koma si mgolo uliwonse wotchulidwa m'chilengezo womwe udzafike pa msika. Akatswiri amagawa mafuta m'magulu atatu. Gulu la prospective resources ndi mafuta omwe akungoganiziridwa kuti alipo, chitsime chisanakumbidwe. Gulu la contingent resources ndi mafuta omwe apezekadi, koma sizinatsimikizike kuti angatulutsidwe mwaphindu, mwina chifukwa palibe mapaipi, ndalama kapena chilolezo cha boma. Gulu lachitatu, la reserves, ndi lomwe lili ndi dongosolo lotulutsira ndi kugulitsa, ndipo m'gululi chiwerengero chotchedwa 1P ndicho chodalirika koposa, chifukwa mwayi woti mafutawo adzatuluka ochuluka chotero kapena kuposerapo umakhala 90 pa 100 alionse. Ine ndimaona kuti munthu yemwe sangathe kunena gulu lomwe migolo ya kampani yake ili, sanafike poti n'kugula.

Palinso kusiyana pakati pa mafuta onse omwe ali m'miyala ndi omwe angapopedwe. M'chaka cha 2015 kunamveka mbiri yoti kum'mwera kwa England, m'dera loyandikana ndi bwalo la ndege la Gatwick, kungakhale migolo yokwana 100 biliyoni, ndipo masheya a kampani yomwe inkafufuza mafuta kumeneko, ya UK Oil & Gas Investments, anakwera kwambiri. Chiwerengerocho chinali chongoyerekeza mafuta omwe angakhale m'miyala ya dera lalikulu, osati omwe kampaniyo ikanatulutsa pamalo ake. Fufuzaninso gawo lomwe kampani yanu ili nalo pa chilolezocho, pakuti ngati ili ndi 20 pa 100 alionse, ndiye kuti pa migolo 500 miliyoni yake ndi 100 miliyoni yokha, boma la dzikolo lisanatengepo gawo lake ndi misonkho.

Chachitatu, tsegulani lipoti la zachuma n'kuona ndalama zomwe zili m'thumba la kampani, muyerekeze ndi ntchito yomwe yalonjeza kugwira. Chitsime chimodzi cha m'nyanja yakuya chimadya madola mamiliyoni makumimakumi, ndipo zina zimapitirira 100 miliyoni. Kampani yomwe sigulitsa mafuta ikasowa ndalama, imatulutsa masheya atsopano, kawirikawiri pa mtengo wotsikirapo, ndipo nthawi yomwe imakonda kutero ndi pamene mtengo wakwera. Tiyerekeze kuti kampani ili ndi masheya 100 miliyoni ndipo inu muli ndi 1 miliyoni, kutanthauza gawo limodzi pa 100. Ikatulutsa ena 50 miliyoni inu osagulako, gawo lanu limatsika kufika pa 0.67 pa 100, ngakhale kuti simunagulitse kanthu. Chizindikiro cholimbikitsa ndi pamene kampani yaikulu, yokhala ndi akatswiri ake a miyala, yavomera kugula gawo la chilolezo n'kulipira ndalama zokumbira, zomwe amazitchula kuti farm-out.

Kenako werengerani zaka. Ku Ghana, mafuta a pamalo otchedwa Jubilee anapezeka mu 2007 ndipo anayamba kutuluka mu December 2010, pomwe ku Guyana kampani ya ExxonMobil inapeza mafuta a pamalo otchedwa Liza mu 2015 n'kuyamba kupopa mu December 2019. Awa ndi malo omwe zinthu zinayenda mofulumira. Ku Uganda mafuta anapezeka mu 2006 m'dera la Lake Albert, koma mikangano ya misonkho ndi kufunika kwa paipi ya makilomita 1,443 yokafika ku doko la Tanga ku Tanzania zinachedwetsa ntchito, moti kampani ya Tullow Oil inagulitsa gawo lake ku kampani ya Total mu 2020 mafutawo asanayambe kugulitsidwa kunja. Pa zaka zonse zodikirazi mtengo wa mafuta sukhala malo amodzi: pakati pa 2014 mgolo wa Brent, mtundu wa mafuta womwe umakhala muyezo wa mitengo pa misika yambiri, unali pamwamba pa madola 100, koma pofika January 2016 unatsika kufika pansi pa madola 30. Funsani mtengo womwe kampani inagwiritsa ntchito powerengera phindu lake.

Pomaliza, lembani dongosolo lanu zotsatira za chitsime zisanatuluke, chifukwa zitsime zambiri zokumbidwa m'malo atsopano sizipeza mafuta ogulitsika, ndipo chilengezo chimabwera nthawi zambiri msika usanatsegulidwe, mtengo n'kutsegukira pansi musanapeze mpata wogulitsa. Ikani ndalama zokhazo zomwe kutayika kwake sikungasokoneze banja lanu, ndipo musatenge ngongole kuti mugulire masheya oterewa. Ngati munagula kale ndipo mtengo wawirikiza kawiri, kugulitsa theka kumakubwezerani zomwe munaika, kupatula ndalama za broker (yemwe amakugulirani ndi kukugulitsirani masheya) ndi msonkho, ndipo theka lotsalalo likhoza kudikira zotsatira. Onaninso zomwe akuluakulu a kampani akuchita ndi masheya awo, pakuti malamulo a misika yambiri amawalamula kulengeza akagula kapena akagulitsa, ndipo zilengezo zimenezi zimapezeka pamalo omwewo pomwe munawerenga nkhani ya chitsime.