Kusunga Maonekedwe a Zosema ndi Zoumba Pozijambula ndi Utoto wa Madzi

Kuyambira 1935 mpaka 1942, boma la United States linalemba ntchito ojambula amene analibe pogwira chifukwa cha kugwa kwa chuma, kuti ajambule ndi utoto wa madzi zinthu zopangidwa ndi anthu wamba. Ntchitoyi inkatchedwa Index of American Design, ndipo zithunzi zake zoposa 18,000 zili ku National Gallery of Art ku Washington. Zikuonetsa mipando ya gulu lachipembedzo lotchedwa Shaker, zofunda zosokedwa ndi zigamba, akavalo osema okwerapo ana, ndiponso zidole za zisudzo zovinitsidwa ndi zingwe. Njira yawo ingakuthandizeni inu amene mukufuna kujambula mbiya, lichero kapena chosema cha ku Kabwata Cultural Village kuno ku Lusaka.

Yambani mwapempha chilolezo kwa mwini chinthucho. Ngati ndi chinyau cha Gule Wamkulu, nkhaniyo ili m'manja mwa akuluakulu a mwambo, ndipo akakana, musaumirire.

Mukaloledwa, yezani utali ndi kukula kwake ndi rula, kenako lembani mizere yopepuka ndi pensulo pa pepala lokhuthala, chinthucho chioneke chokha pachithunzicho popanda tebulo kapena khoma kumbuyo kwake. Chiikeni pafupi ndi zenera, osati padzuwa, chifukwa dzuwa lowala limabisa mtundu weniweni.

Pofika pa utoto m'pamene pamafunika kuleza mtima. Pakani wochepa mphamvu poyamba, dikirani uume, ndipo muziwonjezera pang'onopang'ono mukuyesa mtundu uliwonse pa kapepala kapadera. Chovuta kwambiri, makamaka kwa wojambula waluso, n'kudziletsa kukongoletsa. Mng'alu wa pa mbiya, mwaye wa kukhitchini, timabowo ta anankafumbwe, malo amene manja anaperesa mtengo mpaka kusalala, zonsezi zioneke mmene zilili, pakuti wodzafufuza m'tsogolo adzafuna kudziwa mmene chinthucho chinagwirira ntchito, osati mmene inu munachifunira. Kamera ya foni ndi yothandiza pokukumbutsani, koma siisankha chofunika monga limachitira diso la munthu amene wakhala tsiku lonse akuyang'ana.

Ojambula a ku America aja ankaphatikiza chithunzi ndi pepala lofotokoza mbiri ya chinthucho. Inunso lembani amene anachipanga ngati akudziwika, kumene chinachokera, mtengo kapena dothi limene anagwiritsa ntchito, miyeso yake ndi tsiku lojambula. Sungani zonse mogoneka m'bokosi louma, kutali ndi chiswe ndi chinyontho cha nyengo ya dzinja.