Momwe mungamwere mankhwala a khunyu pamodzi ndi mankhwala ena

Mankhwala a khunyu amamwedwa kwa zaka zambiri, ndipo m'zaka zimenezo munthu salephera kudwala matenda ena. Ngozi imabwera mankhwala atsopanowo akakumana ndi akalewo m'thupi.

Choyamba, dziwani dzina la mankhwala anu. Kunena kuti "timapiritsi toyera tija" sikuthandiza dokotala. Lembani dzinalo ndi mlingo wake, muzionetsa paliponse pomwe akukulemberani mankhwala, ngakhale kwa dokotala wa mano.

Chachiwiri, onani ngati anu ali carbamazepine, phenytoin kapena phenobarbitone. Atatuwa amafulumizitsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena, moti enawo amatha mphamvu asanagwire ntchito. Apa ndi pomwe amayi ambiri amavutikira popanda kulakwa kwawo: mapiritsi olera ndi kachipangizo kolera kapamkono zimafooka, mimba n'kubwera. Lupu ndi jakisoni wa Depo sizisokonezeka chonchi, choncho funsani za njira zimenezi. Amene ali pa ma ARV okhala ndi dolutegravir anene msanga, chifukwa dokotala amayenera kuwonjezera mlingo wa dolutegravir kapena kusintha mankhwala a khunyuwo. Mbali inayo, erythromycin wopha mabakiteriya ndi isoniazid wa chifuwa chachikulu amachititsa carbamazepine kuchuluka m'magazi, munthu n'kuyamba kudzandira ndi kuona zinthu ziwiriziwiri.

Chachitatu, siyanitsani zovuta zopirira ndi zothamangira nazo kuchipatala. Tulo ndi chizungulire cha masabata oyamba nthawi zambiri zimatha zokha. Phenytoin amatupitsa usinini, ndiye tsukani mano mosamala. Koma zidzolo zobwera ndi kutentha thupi kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso, makamaka m'miyezi iwiri yoyamba, sizodikira mawa. Chimodzimodzinso chikasu m'maso, kusanza kosalekeza, kapena maganizo ofuna kudzipha.

Mtsikana kapena mayi amene akumwa mankhwala a khunyu otchedwa sodium valproate akambirane ndi dokotala asanatenge pakati. Mwa ana 100 obadwa kwa amayi omwa mankhwalawa, pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema, ndipo ine ndimaona kuti nkhaniyi iyenera kunenedwa tsiku loyamba lomwe.

Mowa usiyeni, umawonjezera tulo komanso umautsa khunyu.

Pomaliza, kaya zavuta bwanji, kaya mwazindikira kuti muli ndi pakati, musasiye kumwa panokha. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa kugwa kotsatizana kosalekeza, komwe kumatha kupha. Munthu akagwa n'kupitirira mphindi 5 asanasiye kuphupha, muthamangire naye kuchipatala mutanyamula mankhwala onse amene amamwa.