Kulimbitsa mitanda podutsitsa mapaipi m'nyumba za pansi pa matabwa

Ku Senga Bay ndi m'madera ena a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Salima, eni malo ogona alendo akamakonzanso nyumba zimene pansi pake anayalapo matabwa, kawirikawiri amawonjezera bafa ndi chimbudzi cha madzi, ndipo apa ndi pamene mitanda yonyamula matabwawo imavulalira. Pulambala, pofuna njira yachidule, amatenga sowo n'kujega mtanda kunsi, osadziwa kuti wadula pamene pagona mphamvu yake.

Mtanda ukasenza katundu, mbali yapamwamba imapanikizika ndipo yapansi imakokeka, pamene pakati pake sipavutika kwenikweni. Choncho paipi idutse pabowo lozungulira loboola pakatipo, lotalikira m'mphepete monse ndi mamilimita osachepera 50, ndipo kukula kwake kusapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwa mtandawo. Pa mtanda wa mamilimita 200, paipi ya sinki ya mamilimita 40 idutsa bwinobwino, koma ya chimbudzi, imene imakhala ya mamilimita 110, singatheke ngakhale pang'ono. Imeneyo iyende motsata mitanda kapena ilendewere kunsi kwake. Kumbukiraninso kuti paipi ya madzi oipa imafunika kutsetsereka, kotero bowo lililonse limatsikirapo poyerekeza ndi linzake, ndipo mukapanda kuyeza musanayambe, lomaliza lidzafika m'mphepete.

Ngati mtanda wajegedwa kale, yambani mwauchirikiza ndi mzati wolimba, n'kuukweza pang'onopang'ono ndi jeke mpaka ulingane ndi inzake. Mukatero, gunditsani pambali pake thabwa lina louma la muyeso womwewo, ndipo ndi bwino kuti nsonga zake zonse ziwiri zikhale pakhoma. Mangani awiriwo ndi mabawuti okhala ndi mawashala, mowasinthanitsa, lina chakumwamba lina chakumunsi, kuti thabwalo lisang'aluke motsata mzere umodzi. Akalipentala ena amangokhomerapo kachidutswa ndi misomali inayi, koma kumeneko n'kubisa chilonda chabe.

Kuno kunyanja chinyontho ndi chiswe sizisowa, choncho kaya mwagula paini wa ku Chikangawa kaya bulugama, pakani mankhwala oteteza matabwa m'kati mwa bowo lililonse ndi ponse pamene mwadula. Musanakhomerenso matabwa apamwamba, tsegulani madzi, muwasiye ayende, kenaka mupapase ndi dzanja polumikizira paliponse kuti muone ngati pakudontha.