Momwe mungasankhire, kunyamula ndi kusunga mipeni yopinda kuno ku Joni

Ambiri mwa ife amene tili kuno ku Joni timadyera ntchito za manja: m'magadeni a ku Randburg ndi Fourways, m'mashopu a ku Mayfair ndi Fordsburg, pa zomangamanga, m'malo opakira katundu. Dzuwa silingalowe osafuna chodulira chingwe, chong'ambira katoni kapena thumba la simenti, chosendera lalanje pa nkhomaliro. Kumudzi bambo wamkulu sankayenda wopanda kampeni kopinda m'thumba ndipo panalibe womudabwa, chifukwa n'komwe ankasendera nzimbe ndi kusalazira mpini wa khasu. Ina mwa mipeni imeneyo inachokera konkuno, m'masutikesi a agogo athu obwerera kuchokera ku migodi nthawi ya Wenela ndi Teba. Koma Joni si kumudzi. Mpeni womwewo ungakugwirireni ntchito zaka zambirimbiri, ungakugonetseninso m'chitokosi mukaunyamula mosaganiza. Choncho tiyambire pa lamulo, za kugula zibwera pambuyo.

Choyamba: dziwani zimene lamulo likunena

Lamulo lokhudza nkhaniyi ndi Dangerous Weapons Act la 2013, lomwe linayamba kugwira ntchito mu January 2014. Anthu ambiri amakhulupirira kuti mpeni ukangoposa utali wakutiwakuti ndiye kuti ndi mlandu. Lamuloli silitchula utali uliwonse. Limanena kuti munthu walakwa ngati wapezeka ndi chida choopsa m'njira yopatsa chikayikiro chomveka kuti akufuna kuchitira zosaloledwa, ndipo chilango chake ndi chindapusa kapena ndende yosapitirira zaka 3. Limatetezanso wonyamula chida chifukwa cha ntchito yake yovomerezeka, zamasewera, zachikhalidwe kapena zachipembedzo, ngakhalenso amene amasonkhanitsa zida zotere moona mtima kuti azisunga kapena kuonetsa.

Poweruza amayang'ana malo ndi nthawi imene mwapezeka, khalidwe lanu pa nthawiyo, ndi mmene mwanyamulira chidacho. Wogwira ntchito m'gadeni amene ali ndi mpeni m'chikwama limodzi ndi magolovesi ndi sizasi yodulira maluwa 7 koloko m'mawa ali ndi yankho lomveka. Munthu yemweyo akapezeka nawo pakhomo pa bala ku Hillbrow pakati pa usiku, atalawako, yankho lija silikhalaponso.

Abale anga, apa ndinene mosabisa. Osanyamula mpeni n'cholinga chodzitetezera. Achifwamba a mumzinda uno amayenda angapo, ambiri ali ndi mfuti, ndipo kutulutsa kampeni pamaso pawo n'kudziitanira maliro. Wapolisi akakufunsani kuti mpeniwu ndi wa chiyani, yankho lanu likhale ntchito yeniyeni imene mumagwira nawo, ndipo likhale loona. Kwa ife alendo mlandu ngakhale waung'ono umakafika mpaka pa mapepala okhalira m'dziko muno.

Chachiwiri: sankhani umodzi wa tsiku ndi tsiku

Dzina limene aliyense amalidziwa ndi Okapi. Mpeniwu unayamba kupangidwa mu 1902 ku Solingen m'dziko la Germany kuti uzigulitsidwa ku Africa, ndipo dzina lake analitenga ku nyama ya m'nkhalango za ku Congo. Mu 1988 ntchito yopanga mpeniwu inasamukira konkuno ku South Africa, m'chigawo cha KwaZulu-Natal. Chogwirira chake ndi cha thabwa, chambiri chimakhala ndi kamwezi ndi tinyenyezi tachitsulo, ndipo kumsana kuli kamphete kamene mumakoka pofuna kuupinda. Potsegula umalira kuti ke-ke-ke kenako n'kudzikhoma wokha kuti usapindike. Chitsulo chake sichivuta kunola, mtengo wake ndi wotsika moti ukatayika simugona ndi njala.

Vuto la Okapi ndi mbiri yake. Kwa zaka zambiri unkadziwika ngati mpeni wa matsotsi, ndipo mpaka lero munthu akauona maganizo amathamangira kumeneko. Zimenezi n'zomvetsa chisoni chifukwa alimi, abusa a ng'ombe ndi asodzi ochuluka agwirira ntchito mpeni umenewu mwamtendere moyo wawo wonse. Komabe maso a anthu sitingawasinthe. Ine ndimati Okapi wamkulu azikhala m'bokosi la zida kapena kunyumba, m'thumba la buluku muziyenda wina wooneka wofatsa.

Wofatsa woyamba ndi Victorinox, uja wofiira wa ku Switzerland wokhala ndi kamtanda koyera. Kampaniyi anaiyambitsa Karl Elsener mu 1884 ku Ibach. Muli kampeni, chotsegulira botolo ndi chitini, sikuludiraiva, mwina ndi kasizasi. Ndi anthu ochepa amene amachita mantha akauona, ndipo sugwira dzimbiri msanga. Kwa wogwira ntchito m'shopu kapena m'nyumba za anthu, palibe woposa umenewu.

Wachiwiri ndi Opinel wa ku Savoie m'dziko la France, umene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890. Chogwirira ndi cha mtengo wobulungira, chopepuka, ndipo pakhosi pali kankhokwe kachitsulo kamene mumapotoza kuti mpeni usapindike. Kameneka anakawonjezera mu 1955. Imabwera ndi manambala. Nambala 8, wokhala ndi chitsulo cha masentimita 8.5, ndiwo wotchuka, koma m'thumba la mumzinda nambala 6 kapena 7 ndi wokwana. Pachitsulo pakalembedwa Carbone ndiye kuti umathwa kwambiri koma umachita dzimbiri; pakalembedwa Inox ndiye wosachita dzimbiri msanga.

Palinso Joseph Rodgers wa ku Sheffield ku England, wodziwika ndi chizindikiro cha nyenyezi ndi mtanda, umene alimi a dziko lino akhala akudulira biltong kuyambira kale. Ulibe loko, chimene chimaugwira ndi sipuling'i ya kumsana yokha, ndiye osabowolera nawo chinthu cholimba, ungakupindikireni pa zala.

Chachitatu: ugwireni m'manja musanalipire

Mipeni yatsopano imapezeka m'mashopu a hadiweya ndi a katundu wa kokayenda monga Cape Union Mart ndi Outdoor Warehouse. Yakale muifune m'mashopu a pinyolo, kwa ogulitsa zinthu zamakedzana, pa msika wa Lamulungu ku Rosebank, kapena pa intaneti pa Bob Shop ndi Facebook Marketplace. Mukagwirizana ndi munthu wa pa intaneti, kumanani masana pamalo a anthu ambiri, ndipo ndalama zisatsogole katundu musanamuone.

Mpeni uli m'manja, utseguleni ndi kuupinda kangapo. Ukatseguka gwirani kumsana kwa chitsulo n'kugwedeza kumanzere ndi kumanja. Ukamachita gwedegwede ndiye kuti msomali wa pakhosi watha. Ukapindika pititsani chala pamwamba pa chogwirira, nsonga isatulukire, chifukwa yotulukira imaboola thumba ndi chala chomwe. Yang'anani zilembo za patsinde pa chitsulo. Za mpeni weniweni zimakhala zakuya ndi zowongoka, pamene za wonamizira zimakhala zosazama, mwinanso dzina lolembedwa molakwika. Okapi ndi Victorinox onamizira ndi ambiri m'misika yotchipa. Lisiti lisungeni.

Chachinayi: unoleni bwino

Okapi watsopano nthawi zambiri amabwera wosathwa kwenikweni, ndiye musadabwe. Gulani mwala wonolera wa mbali ziwiri, yokhakhala ndi yosalala. Unyowetseni ndi madzi kapena mafuta, koma mukayamba ndi mafuta musadzasinthenso, chifukwa mwala umene wamwa mafuta sulandiranso madzi. Ikani mwalawo pa nsanza yonyowa kuti usaterereke.

Gonekani chitsulo pa mwala, kenako dzutsani msana wake pang'ono, pafupifupi madigiri 20. Njira yosavuta yopezera mlingowu ndi iyi: imikani mpeni chilili pa mwala, upendekeni kufika theka, kenako thekanso la pamenepo. Kankhani kuchokera patsinde mpaka kunsonga ngati mukufuna kusenda kachikopa kopyapyala pamwamba pa mwalawo, dzanja lisasinthe kapendekedwe. Apa m'pamene anthu ambiri amaonongera mipeni: amatembenuza msanga. Khalani mbali imodzi kufikira mutamva kamlomo kokhakhala mbali inayo. Kuti mukamve, tsetserezani chala chachikulu kuchoka kumsana kutsikira kukamwa kwa mpeni, osati motsata kukamwako. Kakamveka kuyambira patsinde mpaka kunsonga, tembenuzani muchite chimodzimodzi mbali yachiwiri. Kenako pitani ku mbali yosalala ya mwala, muzisinthanitsa uku ndi uku mopepuza dzanja. Malizani pokoka mpeni chambuyo pa lamba wakale wachikopa, msana patsogolo, kuti kamlomo kaja kachoke.

Yesani pa pepala la nyuzipepala. Wothwa umalowa bwinobwino osang'amba. Ukakodwa penapake, pamenepo m'pamene pakufunika kubwereza. Mulibe mwala? Kunsi kwa kapu yadothi ya tiyi kuli mzere wokhakhala umene umathandiza kudzutsa mpeni wobuntha pang'ono. Chokhacho musachite ndicho kuupereka pa galainda ya magetsi. Kutentha kwake kumafewetsa chitsulo, ndipo mpeni wotero suthwanso nthawi yaitali.

Chachisanu: thanani ndi dzimbiri

Nyengo yozizira ya kuno ndi youma, mipeni imapuma. Nthawi yoopsa ndi ya mvula, kuyambira October mpaka March, pamene thumba limakhala lonyowa ndi thukuta. Mukadula mango, anyezi kapena nyama, pukutani pompo. Chitsulo cha Okapi kapena Opinel wa Carbone chimada pang'onopang'ono n'kukhala chotuwa kapena chabuluu. Limenelo si dzimbiri, musalipale, limateteza chitsulo. Loopsa ndi lofiira lija. Lichotseni ndi sitiliwulu yosalala ndi kadontho ka mafuta lisanadye mkati.

Pakhosi pamene mpeni umapindikira chotsani zinyalala za m'thumba ndi kamtengo ka machesi, n'kudonthezapo dontho limodzi la mafuta a makina osokera. Ngati mumadulira chakudya, pachitsulo pakani mafuta oyera a ku famase otchedwa liquid paraffin. Mafuta ophikira akakhalitsa amanunkha ndi kumata. Opinel musauviike m'madzi, mtengo wake umatupa mpaka kukana kutseguka. Zikatero gogodani kumapeto kwa chogwirira pa tebulo, chitsulo chimatulukira pang'ono, kenako muusiye uume wokha.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani komwe sulowa

Kukhothi, ku maofesi a boma monga Home Affairs, m'sukulu, m'mabwalo a mpira, pa zionetsero ndi m'malo omwera mowa, usiyeni kunyumba. M'takisi kapena m'sitima musautulutse ngakhale pofuna kusenda chipatso. Pa ntchito m'nyumba ya munthu, auzeni abwana kuti muli ndi mpeni wa ntchito asanauone okha. Pokwera ndege ku OR Tambo uikeni m'chikwama chopita kunsi kwa ndege, apo ayi mukausiya pa chipata chofufuzira. Pa basi yopita kumudzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza chitani chimodzimodzi: m'katundu wamkulu, osati m'thumba la jekete.

Chachisanu ndi chiwiri: mukafuna kuyamba kusonkhanitsa

Osagula uliwonse umene wakukomerani m'maso, mudzangodzaza kabati ndi zitsulo zopanda mbiri. Sankhani njira imodzi. Kwa ife okhala kuno yosavuta ndi ya Okapi: fufuzani wolembedwa Made in Germany muuike pambali pa wolembedwa Made in South Africa, muone kusiyana kwa matabwa, zilembo ndi zokongoletsera. Wina angatsate mipeni ya anthu wamba ya mayiko osiyanasiyana, yotchipa koma ya mbiri yaitali: Douk-Douk wa ku Thiers ku France wa 1929, Mercator wa ku Solingen wokhala ndi chithunzi cha mphaka, Higonokami wa ku Miki ku Japan.

Phunzirani kuwerenga zilembo, chifukwa ndizo zimaulula zaka. Wolembedwa W. Germany unapangidwa dzikolo lisanagwirizanenso mu 1990. Kampani ya Case ya ku Bradford ku America inaika timadontho 10 pa mipeni yake ya 1970 n'kumachotsa kamodzi chaka chilichonse, moti mwa mipeni ya m'ma 1970, wa timadontho 7 ndi wa 1973. Mukafuna kuona ntchito ya amisiri a dziko lino, bungwe la Knifemakers' Guild of Southern Africa limachititsa chionetsero chaka ndi chaka; ngakhale osagula kanthu, mumaphunzira zambiri pongocheza ndi opanga.

Mpeni wakale musaupale ndi sandipepa kuti uwale. Mukafufuta zilembo mwafufutanso mtengo wake ndi mbiri yake. Chotsani dzimbiri lofiira lokha, pakani mafuta, basi. Wa chogwirira cha mnyanga wa njovu upeweni ngakhale utchipe bwanji, chifukwa malonda a minyanga ali ndi malamulo okhwima ndipo kuwoloka nawo malire popanda chilolezo ndi mlandu waukulu. Samalaninso ndi yakale ya chogwirira cha pulasitiki yamakedzana yotchedwa celluloid: ikayamba kuola imatulutsa mpweya umene umadyetsa dzimbiri mipeni yonse yoyandikana nayo, ndiye ikhale payokha.

Posunga, musaisiye m'zikwama zachikopa miyezi yambiri chifukwa chikopa chimasunga chinyontho. Ikulungeni m'nsalu youma muiike m'bokosi lokhoma, makamaka ngati mumakhala nyumba imodzi ndi mabanja ena kapena muli ana, ndipo muponyemo timapaketi tija timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano kuti tiziyamwa chinyontho. Khalani ndi kope lolembamo dzina la mpeni uliwonse, zilembo zake, komwe munaugula, tsiku ndi mtengo, malisiti mumate momwemo. Kope limeneli ndilo mudzaonetse munthu akadzafunsa chifukwa chimene muli ndi mipeni yambiri m'nyumba, ndiponso wogula akadzafuna kudziwa kumene mpeni unachokera.